Mpani wa Mbewa pa Tsindwi la Yoramu

Chimene Lyford Daka anayamba kuona atatsika pa njinga si anthu a pamaliro, koma nyerere. Zinali zitafera pamodzi kuseri kwa nyumba ya siwa, zitazungulira mpani umene wina anautaya pansi. Pambali pake panali ntchentche, nazonso zakufa, miyendo m'mwamba. Pa mpanipo panatsala mbewa ziwiri zouma, zotumbula bwino, ndipo kumapeto kwa kamtengoko kunali komanga ndi luzi mwaluso.

Unali mwezi wa Ogasiti, m'masiku a Chitaganya, tchire lonse la m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe litapsa. Utsi unali utaphimba dzuwa moti munthu ankatha kuliyang'ana osaphethira. Lyford anali wapolisi wa pa Chongwe, koma kwawo kunali ku Katete, ndipo za mbewa sanafunikire womuphunzitsa. Anatola mpaniwo ndi masamba, naununkhiza chapatali. Pansi pa fungo la utsi ndi mchere panali fungo lina, longa la adyo wa m'sitolo za Amwenye. Anaukulunga m'pepala, nauika m'chikwama cha panjinga.

Amene anatumiza uthenga kupolisi anali Tisauke, mlongo wake wa malemu Yoramu. Sanadikire kufunsidwa.

"Mwafika bwino, a polisi. Ntchito yanu ni yochepa. Uyo ali apoyo."

Analoza ndi mlomo. Pakhonde, kutali ndi amayi ena onse, panakhala mkazi wamng'ono thupi, manja ali pamiyendo. Ameneyo anali Clotilda, mkazi wa Yoramu.

"Munamuona akuthira kanthu m'chakudya?" anafunsa Lyford.

"Kuona n'chiyani? Anthu awiri, nyumba imodzi, wina wafa wina ali gwa. Ndipo kuyambira dzulo msozi ngakhale umodzi sunatuluke. Mkazi wotani ameneyo? Onani Nason uyo, msuweni chabe, koma onani mmene akulirira. Magazi ni magazi. Ine ninamuuza mlongo wanga kuti kukwatira kwa eni dziko n'kudziika pakamwa pa ng'ona."

Nason anali pansi pa mtengo wa msuku, amuna awiri atamugwira mapewa. Anali atavala jekete la khaki ngakhale kunkatentha. Misozi inkatsika osaleka, mamina nawonso, ndipo kawirikawiri ankapukuta pakamwa ndi dzanja. Lyford anagwada pambali pake nam'pepesa.

"Tinakulira pa mphasa imodzi ine na uyu," anatero Nason, chifuwa chikulira ngati mvukuto wobooka. "Ntchito ku famu ya Boma ananipezera ni yeve. Iye kosamala makoswe a adotolo, ine kopopera mankhwala. Dzulo ninali kumunda mpaka belu la madzulo. Nikanadziwa, nikanapitira pano."

Lyford anaimirira. Mkulu wake kupolisi anali atamuuza mwachidule m'mawa uja kuti ngati ndi chiphe, abwere ndi mkaziyo dzuwa lisanalowe. Ndipo Lyford ankadziwa kumene mlandu wa mkazi wothira mwamuna chiphe unkathera. Unkathera pa chingwe.

* * *

Clotilda anali Msoli, wa mtundu wa eni dziko, wobadwira konkuno. Chinyanja ankachiyankhula pang'onopang'ono, ngati munthu woponda miyala powoloka mtsinje.

"Ba polisi, ine sininaphike vija. Ninachoka ku mtsinje na madzi, napeza vili pa tsindwi, pamwamba pa chitseko. Wina anasomeka mu udzu."

"Ndani?"

"Sininaone munthu. Ba Yoramu pobwera ku ntchito anaseka. Anati, wina wa kwathu wanikumbuka."

"Inu simunadyeko?"

Kwa nthawi yoyamba mkaziyo anam'yang'ana kumaso. "Imwe ndimwe a kum'mawa, mudziwa. Ise kuno sitidya. Kwa ise vonse ni makoswe. Na mu poto wanga sivilowa, mudzi wonse udziwa. Anali na kachitini kawo. Anawotcha okha pa makala, anadyera panja. Ine ninali mkati."

Lyford anakumbukira luzi lija la kumapeto kwa mpani. Munthu woopa kukhudza mbewa sakanamanga choncho. Komanso aliyense wodziwa nyumba iyi ankadziwa kuti mpani wosomekedwa pa tsindwi ili udzadyedwa ndi munthu mmodzi yekha.

"Ndiye zinayamba bwanji?"

"Anati mchere uwawa. Anataya votsala kuseri. Dzuwa lisanalowe anayamba thukuta, dovu, kusanza. Nyama ya pamkono inali kudumpha yokha pansi pa khungu, monga muli kanthu kamoyo. Ninayang'ana m'maso, kamwana ka diso kachepa monga njere ya mawere. Anati, ni mankhwala a m'chigubu cha ku famu awa, niitanire Matthias. Ninathamanga, koma sininafike na pa mtsinje, anthu ananibweza kuti vatha."

"Matthias ndani?"

"Wothandiza adotolo ku nyumba ya makoswe."

Lyford anazengereza, kenaka anafunsa funso limene aliyense pabwalopo anali nalo. "Akuti simulira, mayi."

"Niyesa. Siibwera." Anayang'ana zikhato zake. "Kapena inathera pa Eneless. Mwana wa mkulu wanga, tinaika mwezi watha. Anatola nsomba ku dziwe la kumunsi, zinali kuyandama zokha, anawotcha na anzake. Anzake anadwala, anapola. Yeve anali wamng'ono. Ba Yoramu anaimirira pamutu pake, ndipo kuchoka tsiku lija sanagone bwino. Pa Sondo ananiuza kuti adotolo akabwera ku Lusaka, azakamba vonse."

"Kukamba chiyani?"

"Sananiuze. Koma ba polisi, mmene anafera dzulo, ni mmene anafera mwana. Na maso omwe."

* * *

Famu yoyesera mankhwala a mbewu inali patali pang'ono ndi msewu wa ku Palabana. Kuseri kwa nkhokwe zake kunali nyumba yaitali yopaka laimu, ya mazenera a waya. Dotolo wachizungu anali ku Lusaka. Matthias, bambo wamtali wa imvi m'mbali, ndiye anatsekula chitseko. Nkhani ya maliro anali ataimva m'mawa, ndipo ankangodikira wom'siyira makiyi kuti apite kumeneko.

M'katimo munali zii. Lyford ankayembekezera phokoso, poti timakola ta waya tinali tondandalika khoma lonse, tonse tokhala ndi makoswe oyera. A kumanzere anathamangira ku waya, mphuno zikugwedezeka. A kumanja sanasunthe. Mmodzi anali atakhala moyang'ana khoma, mphuno itagunda thabwa, ngati mwana wolangidwa m'kalasi. Wina ankanjenjemera pang'onopang'ono. M'mphepete mwa maso awo munali zofiira, zina zouma, zina zikutsika kumene.

"Akulira magazi?" anafunsa Lyford, mawu atatsika okha.

"Si magazi. Misozi ya khoswe ikachuluka imafiira choncho. Yoramu sanazolowere. Ankawapukuta mmodzimmodzi ndi kansanza." Matthias ankayankhula Chinyanja cha kumishoni, mawu alionse pamalo pake. "Awa a kumanja timawapatsa mankhwala atsopano opopera fodya, kadontho kosaoneka n'komwe. Adotolo akufuna kudziwa chimene amachita m'mutu, alimi asanawalandire."

Anatsekula khola limodzi nalowetsa dzanja. Khosweyo sanathawe, sanalume, sanacheuke. Matthias anamunyamula namuika m'bokosi lalikulu la matabwa, logawa tinjira tokhotakhota. Kumapeto kwake kunali nsawa imodzi.

"Uyu anali katswiri. Yoramu anamuphunzitsa yekha, ankafika pa nsawa musanameze malovu. Taonani tsopano."

Khosweyo anayenda pang'ono, nakhota kolakwika, nabwerera, nakhotanso komweko. Kenaka anakhala pansi pakati pa njira, misozi yofiira ikudontha pa thabwa.

"Bongo ukafuna kuti mwendo usunthe, umatumiza uthenga," anatero Matthias. "Ndiye muli kanthu kena, adotolo amati enzaimu, kamene ntchito yake ndi kuzimitsa uthengawo ukafika. Mankhwalawa amamanga kanthu kameneko. Uthenga sutha. Uli ngati munthu wogogoda pakhomo amene samva kuti mwatsekula kale. Misozi, tuluka, tuluka. Mnofu, koka, koka. Mpaka chifuwa chitope. Khoswe akafa timapera bongo wake, n'kuthira m'madzi a mtundu. Wa khoswe wabwino umasintha madziwo msanga. Wa awa, madzi amangokhala."

Lyford anamasula pepala lija. Matthias ananunkhiza kamodzi, nabwerera m'mbuyo. Anavala magolovesi a mphira, nanyema kachidutswa ka mbewa, nakasakaniza ndi nsinjiro, napatsa khoswe wa kumanzere. Khosweyo anadya mosangalala, napukuta ndevu ndi timanja take.

Anadikira. Panja mphepo inkakokera phulusa la lupsa pa waya wa zenera.

"Mbewa yodya nyambo yothira mankhwala ingaphe munthu?" anafunsa Lyford.

"Ayi, imafa isanadye okwanira. Izi anachita kupaka zitauma kale, ndipo anapaka osasungunula, ochokera m'chigubu mwenimweni."

"Amatunga m'chigubumo ndani?"

"Opopera onse, ndipo ndi ambiri. Ndinaona kuti mankhwala atsika, koma ndinayesa amatayikira pothira." Matthias anatseka khola lija. "Amawaseka, amati katupe wa Mzungu. Mukudziwa katupe, uja amasinja n'kuthira m'dziwe, nsomba n'kuledzera, anthu n'kudya popanda vuto. Sabata yatha Yoramu anandifunsa ngati awa ali chimodzimodzi. Ndinati ayi, awa amatsalira m'nyama ya nsomba. Anakhala pa mpando uwo nthawi yaitali."

"Dzulo opopera anaweruka ndi belu la madzulo?"

"Dzulo? Ayi. Kunali mphepo, kapitawo anawabweza dzuwa lili pamutu."

M'khola muja munamveka kukwecha. Khoswe uja anali atagwera chammbali, miyendo ikupalasa. Khungu la pamsana linkadumpha lokha. Pakona ya diso panatuluka kadontho, kofiira ngati mkanda.

"Chinthu china," anatero Matthias, akuvula magolovesi mosamala. "Mankhwala awa salowera pakamwa pokha. Amalowa ndi pakhungu, mwakachetechete. Ngati amene anapakayo anachita ndi manja, monga mmene anthu a kwanu amatikitira mchere, lero sali bwino."

"Angaoneke bwanji?"

"Monga awa. Misozi yosaleka, mamina, dovu, thukuta, chifuwa kulira. Ndipo mukamulowetsa mumdima, kamwana ka diso sikakula."

Lyford anayang'ana khoswe wa m'bokosi uja, amene anali akadali pakati pa njira, akulira popanda mawu.

"Mankhwala ochiza munthu wotero alipo?"

"Jekeseni ilipo. Adotolo anandiphunzitsa, chifukwa cha opoperawa."

"Itengeni. Mukwera kumbuyo kwa njinga yanga."

* * *

Anafika adzukulu atabwerako kokumba manda. Katundu wa Clotilda anali ataponyedwa pabwalo: mphasa, mapoto awiri, nsalu ya kutchalitchi. Mwini wake anali pomwe paja, atakhala momwe muja. Tisauke anathamangira njinga.

"Mwabwera na unyolo? M'tengeni tisananyamule maliro, asaponde ku manda a mlongo wanga."

"Nibwerekeni khitchini yanu pang'ono, mayi," anatero Lyford. "Nifuna a Nason anithandize mawu awiri."

Nason anadzuka movutika. Ankayenda ngati woponda m'matope, ndipo pakhomo pa khitchini anaphonya mwendo, nagwira mphuthu. Matthias analowa pambuyo pawo, natseka chitseko. M'kanyumbamo munalibe zenera. Kuwala kunkalowera pa mng'alu umodzi wa chitseko.

Lyford anadikira kuti maso azolowere mdima. M'malo otsekekawo fungo la adyo linayamba kumveka, ndipo silinkachokera ku mapoto. Anayang'ana Matthias: timwana ta maso ake tinali titakula, takuda bii. Anagwira Nason chibwano, namutembenuzira ku mng'alu uja. M'maso onyowawo munali timadontho tiwiri, tating'ono ngati pobaya singano.

"Belu la madzulo munalimvera kuti dzulo, a Nason? Ku famu akuti munaweruka masana."

"Nasokoneza. Mutu suli bwino. Munthu wafedwa mum'funsa va belu?"

"Vulani jekete."

"Nimvera mphepo."

"Thukuta lonseli?"

Lyford anagwira thumba la jeketelo ndi nsonga ya ndodo. Linali ndi banga lakuda la mafuta, lofika mpaka pa malaya a m'kati. Munalibe botolo, koma chimene chinatayikiramo chinali chitagona pa nthiti za mwini wake kuyambira dzulo.

"Ni mafuta a njinga," anatero Nason. Chikope chake chakumanzere chinkaphethira chokha. "Ine nilira m'bale wanga. Kulira kwakhala mlandu?"

"Kulira si mlandu. Lekani tione. Lekani pang'ono chabe, mupume, kenaka mupitirize."

Nason anapukuta maso ndi mkono wa jekete, nakukuta mano. Misozi inatsikabe. Anapukutanso. Inatsikabe, ndipo dovu linadontha pachibwano. Pa katumba ka mwendo wake mnofu unayamba kudumpha, ndipo iye anauyang'ana ngati ndi mwendo wa munthu wina.

Matthias anatsekula kabokosi ka chitsulo, natulutsa jekeseni. Anayankhula mofatsa, monga ankayankhulira ndi makoswe ake.

"Nason, ndimvere. Ngati ndi mankhwala a m'chigubu, iyi ikutsekula chifuwa, ndipo tikuthamangitsira kuchipatala. Ngati ndi chisoni chokha, sindingakubaye, chifukwa kwa munthu wabwinobwino iyi ndi chiphe payokha. Yoramu anandiitana, sindinafike. Kwa iwe ndafika. Undiuze ndiwe."

Panja amayi anayamba nyimbo yonyamulira maliro. M'khitchinimo munkamveka chifuwa cha Nason chokha, chikukoka mpweya ngati kudzera m'bango.

"Ninayesa ni katupe chabe," anatero potsiriza. "Katupe wamphamvu. Ninathira kakapu kamodzi, dziwe lonse linayera na nsomba. Va mwana sininadziwe. Nikanadziwa bwanji? Kwathu tithira chaka na chaka."

"Yoramu anadziwa," anatero Lyford.

"Anaona maso a mwana, anabwera kwa ine. Anati nikambe nekha, apo ayi akamba ni yeve. Ninam'gwadira. Ninati ndise alendo kuno, eni dziko akamva azatiwotchera manyumba tonse. Anati mwana ni mwana."

"Nanga mpani?"

Nason anatseka maso, koma misozi inapeza njira.

"Ninakumba nekha ku lupsa, masiku apitawo. Anali kukonda akapuku, timbewa tija, kuyambira tili ana." Anapukuta dovu pachibwano. "Ninadziwa kuti mlamu sangakhudze. Ine sininafune kuti mlamu afe."

"Munangofuna kuti apachikidwe."

Nason anavula jekete, naligwetsa pansi, napereka mkono kwa Matthias.

Lyford atatsekula chitseko, anapeza Tisauke ataima pomwepo, khutu lili kufupi ndi thabwa. Mayiyo anayang'ana Nason nthawi yaitali, kenaka anatembenuka, napita pakati pa bwalo. Anawerama, natola mphasa ija, nakutumula fumbi, natolanso mapoto, nakaziika pakhonde pafupi ndi Clotilda. Anakhala pansi pambali pake, mapewa awo osakhudzana.

Anamukweza Nason pa ngolo ya ng'ombe, atam'sambitsa ndi sopo n'kumufunditsa nsalu ya wina. Jekete analikwirira kudzala. Matthias anakhala naye m'ngolomo, chala chili pa mtsempha wa dzanja. Lyford ankayenda pambali, akukankha njinga.

Potuluka m'mudzi anakumana ndi gogo wina wochokera ku Bundabunda, amene anachedwa ku maliro. Ataona mwamuna wagona m'ngolo, nkhope ili chonyowa, anavula chipewa nagwira m'mbali mwa ngoloyo.

"Pepani, mwana wanga, pepani. Limbani mtima. Zioneka kuti munam'konda."

Ngolo inapitirira, mawilo akulira pa phulusa. Ndipo kumbuyo kwawo, pamwamba pa nyimbo ya amayi, Lyford anamva mawu amene sanawamve tsiku lonse. Anayamba otsika, osasa, ngati chitseko chimene chakhala chosatsekulidwa, kenaka anakwera. Anali Clotilda, akulira m'Chisoli.